Matewera ansalu nthawi ya chilala

Mayi wa khanda: Amayi anzanga, chilalachi chatipanikiza. Mwana wanga ali ndi miyezi 4, ndipo matewera okha akutimalizira madzi. Ndingachepetse bwanji popanda kumuyambitsa zilonda?

Mayi wa atatu: Musamawanyike m'madzi, amayi. Palani kaye chimbudzicho mukataye, matewerawo muunjike m'ndowa youma yovundikira, muchape pamodzi pakatha masiku awiri. Potsukuluza koyamba ine ndimagwiritsa ntchito madzi amene ndasambitsira mwana.

Agogo: Sopo achepe, mwanangu, thovu ndi limene limamaliza madzi. Yanikani padzuwa loswa mtengo, madontho amayera okha. Masana mwanayo azikhalako wopanda thewera, khungu lipitidwe mphepo.

Bambo wa mapasa: Koma madzi ochapira matewera asapite kumasamba kapena pafupi ndi mbale, chonde! Muli tizilombo. Kathireni kuchimbudzi, ndipo madzi osamba m'manja musawaumire.