Ndachita upgrade koma scan ikuonetsabe CVE-2021-33909

Kondwani
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndangoyamba ntchito mwezi watha ndipo andisiyira seva ya Ubuntu 20.04 yomwe anthu oposa 30 amalowamo ndi SSH kukayendetsa ma script awo. Anthu a audit alemba mofiira CVE-2021-33909, vuto la chitetezo la mu kernel (mtima wa Linux). Ndachita apt update ndi apt full-upgrade, usiku wa Lachisanu ndinazimitsa makinawo n'kuwayatsanso, koma atabwereza scan chinthu chomwechi chatulukanso. Kernel yathu ndi 5.4 ndipo ndawerenga kuti vutoli linakonzedwa mu 5.13.4. Ndiye kuti ndisamukire ku 5.13? Abwana akufuna yankho Lolemba.

Tiyamike
Achimwene, musathamangire kusintha kernel. 5.13.4 ndi nambala ya kernel ya upstream, yochokera kwa eni ake a Linux. A Ubuntu amatenga chigamba chomwecho n'kuchisokera pa 5.4 yawo, nambala yakutsogolo osasintha. Titumizireni zomwe zikutuluka pa uname -r, uname -v ndi dpkg -l 'linux-image*'. Ndikufuna tione kernel yomwe ikuyenda, chifukwa yomwe ili pa disk ndi nkhani ina.

Mavuto
Ingoikani kernel.unprivileged_userns_clone=0 mu sysctl, nkhani yatha. Ife tinatero.

a Banda
A Mavuto, nkhani siyatha ayi, ndipo ndikufuna mnyamatayu amvetse chomwe akulimbana nacho asanayambe kutseka zinthu.

Vutoli analiulula a Qualys, kampani ya zachitetezo cha makompyuta, pa 20 Julayi 2021 ndipo analitcha Sequoia. Lili mu fs/seq_file.c, gawo lomwe kernel imagwiritsa ntchito pokonza zomwe timawerenga mu /proc. Kukula kwa buffer kumasungidwa ngati size_t, koma kukamaperekedwa ku dentry_path kumasanduka int ya ma bit 32. Buffer ikafika 2GB, nambala ija imatembenuka n'kukhala negative. Munthu wa akaunti wamba amapanga foda mkati mwa foda, mkati mwa inanso, mpaka path yonse itapitirira 1GB. Amaichita mount mkati mwa user namespace (malo odzipatula momwe munthu wamba amaloledwa kuchita mount), kuifufuta, kenako n'kuwerenga /proc/self/mountinfo. Pamenepo kernel imalemba mawu akuti "//deleted" kunja kwa malire a buffer. Ma byte 10 okha, koma a Qualys anawagwiritsa ntchito limodzi ndi eBPF (timapulogalamu toyenda mkati mwa kernel) mpaka kupeza root, kutanthauza mphamvu zonse pa makina, pa Ubuntu 20.04, Debian 11 ndi Fedora 34. Cholakwikachi chinalowa mu 2014, mu kernel 3.16, n'kukhala zaka 7 chisanaululidwe.

Sysctl yanuyo imatseka khomo la user namespace, zoona. Koma a Qualys omwewo anachenjeza kuti munthu angathe kudzera pa FUSE, njira ina yomwe munthu wamba amachitira mount, ndipo poyesa njira imeneyo ndi pomwe anapeza CVE-2021-33910, yomwe imagwetsa systemd ndi makina onse ngati path ya mount yapitirira 8MB. Komanso ngati pali wina amene amayendetsa Podman (pulogalamu ya ma container) popanda root, mawa m'mawa foni yanu ilira, chifukwa imadalira user namespace yomweyo.

Mavuto
Zamveka akulu. Kwathu palibe amene amalowa ndi shell kupatula ineyo, n'chifukwa chake ndinaitenga mopepuka.

Kondwani
Zikomo kwambiri a Banda, tsopano ndikuona chifukwa chake a audit akwiya. Mayi Tiyamike, ndaona chodabwitsa. dpkg ikuonetsa ma kernel anayi, yatsopano ilimo. Koma uname -r ikupereka yakale kwambiri mwa zonsezo, ndipo uname -v ikuti inamangidwa mu Meyi 2021. Chonsecho ndinachita reboot ndi manja angawa.

Tiyamike
Ndiye scan sikunama. Tsegulani /etc/default/grub mutiuze zomwe zili pa GRUB_DEFAULT, pomwe pamasankhidwa kernel yoti idzuke makina akayatsidwa. Onaninso df -h /boot, chifukwa /boot ikadzaza initramfs yatsopano simalizika kupangidwa.

Kondwani
/boot ili ndi malo ambiri. Koma GRUB_DEFAULT siili pa 0. Amene analipo kale analembamo dzina lonse la kernel yakale ija, ndipo pamwamba pake anasiya mzere wakuti "musasinthe, netiweki imafa".

a Banda
Eya, gwero lake ndi limenelo. Mnzanuyo sanachite mwachibwana, china chake chinamuluma ndipo anamanga pomwepo kuti ntchito ipitirire. Choipa n'chakuti kuyambira tsiku limenelo update iliyonse ya kernel yakhala ikungotsikira pa disk osagwira ntchito. Musachotse mzerewo musanadziwe chomwe ankathawa. Lembani dkms status.

Kondwani
Pali driver wa network card amene anaikidwa ndi DKMS, pulogalamu yomwe imamangira kernel iliyonse driver wake. Akuoneka pa kernel yakale yokha. Ma linux-headers a ma kernel enawo palibe.

Tiyamike
Basi, ndi zimenezo. Popanda headers DKMS singamange module, ndiye kernel yatsopano imadzuka yopanda netiweki. Ikani linux-headers-generic, kenako dkms autoinstall -k ndi nambala ya kernel yatsopano, muone ngati yamangika popanda error. Mukatero sinthani GRUB_DEFAULT kukhala saved, chitani update-grub, ikani yakale ndi grub-set-default, ndiye yatsopano muiyese ndi grub-reboot. Imeneyi imagwira kamodzi kokha, zikavuta mukangoyatsanso mwabwerera pakale. Ndipo chonde mukhale pafupi ndi makinawo ndi kiyibodi, kapena console ikhale yotsegula. Ine zinandichitikirapo ndili kutali, ndinagona tulo tochepa usiku umenewo.

Pomwe mukudikira nthawi ya reboot, ikani sysctl ya a Mavuto ija pamodzi ndi kernel.unprivileged_bpf_disabled=1, mutawauza kaye anthu anu.

a Banda
Chimodzi chomwe chikundidetsa nkhawa ine. Seva imeneyi yakhala yotseguka kuyambira 2021 ili ndi anthu 30 a shell, ndipo si Sequoia yokha yomwe yadutsa pa nthawiyi. Chigamba sichichotsa munthu amene analowa kale. Fufuzani mafayilo a setuid (omwe amayenda ndi mphamvu za mwini wake) ndi find / -xdev -perm -4000, onani authorized_keys ya root, cron, ndi ma akaunti a UID 0 mu /etc/passwd. Ma akaunti a anthu omwe anachoka ntchito atsekeni lero. Abwana anu muwauzenso poyera kuti chithandizo chanthawi zonse cha 20.04 chinatha mu Meyi 2025, ndiye pakufunika Ubuntu Pro kapena kusamukira ku release yatsopano.

Kondwani
Ndabwerako. Module yamangika, grub-reboot yadzutsa kernel yatsopano ndipo netiweki ilipo. Ndabweza GRUB_DEFAULT pa 0. Scan yausiku uno sikuonetsanso CVE ija. Pa setuid sindinapeze chachilendo, koma ndapeza ma akaunti asanu ndi limodzi a anthu omwe anachoka kalekale, awiri mwa iwo ali ndi makiyi a SSH ogwirabe ntchito. Ndawatseka. A Banda, ma log a auth omwe alipo ndi a milungu inayi yokha. Ndingayang'anenso pati kuti ndidziwe ngati makiyi awiriwa anagwiritsidwapo ntchito m'mbuyomu?

a Banda
Yambani ndi lastlog, imasunga tsiku lomaliza la akaunti iliyonse ngakhale papite zaka. Kenako last -f pa mafayilo akale a wtmp ngati alipo. Mutumize zomwe mwapeza, koma mayina ndi ma IP muwabise.