Mgolo wanga wosefera madzi a kubafa watseka, ndalakwitsa pati?

Moni nonse pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Ndimakhala ku Chinsapo ku Lilongwe, pakhomo tilipo anthu 7 ndipo madzi timachita kugula pa kiyosiki. Osamba, ochapira ndi otsukira mbale amangoyenderera kuseri kwa nyumba, aneba mpaka ayamba kundiyankha moni wa pakhosi. Uku mpiru wanga ukufota ndi dzuwa la Okutobala.

Ndiye ndinapeza mgolo wa malita 200, ndinauboola m'munsi, n'kuika miyala, mchenga, pamwamba dothi la pakhomo pompano. Sabata yoyamba madzi ankatuluka oyera bwinobwino. Pano sakutsikanso, angodekha pamwamba, fungo lake ngati mazira owola. Bambo a kunyumba akuti ndiutaye. Kodi ungakonzeke? Nanga madziwa ndingathirire ndiwo zamasamba?

Bambo wina wa ku Zomba: Mayi, dothilo ndi katondo kapena makande? Ngati ndi choncho vuto ndi lomwelo, limamata likanyowa. Khuthulani zonse. Pansi miyala ikuluikulu, kenako timiyala, makala ophwanya pang'ono, ndiye mchenga wa kumtsinje wotsukatsuka wofika theka la mgolo. Amene amagwira ntchito m'menemo ndi tizilombo tosaoneka ndi maso tokhala pa mchengapo, timadya zonyansazo, koma timafuna mpweya. Mukathira zidebe zonse nthawi imodzi timabanika, fungo lija n'kuyamba. Muzithira pang'onopang'ono, mgolo uzipuma. Pamwamba pakachita ndere, palani kamchenga kochepa n'kuikapo kena.

Mayi wa ku Ndirande: Asisi, madzi a mbale ndi amene akupherani mgolo. Mafuta ndi nyenyeswa za nsima zimatseka mchenga msangamsanga. Ine ndimayamba ndawasefa pa saka, akhale m'chidebe mpaka mafuta ayandame, ndiwayengule.

Mnyamata wina: Kukhuthula mgolo wonsewo ndi mphamvu zimenezo amayi, ana akuthandizeni.

Mayi wina wogwira ntchito za umoyo: Kuoneka oyera sikutanthauza kuti majeremusi atha. Kolera ya 2022 ndi 2023 tisaiwale msanga. Madzi ochapira matewera, kapena zovala za munthu wotsegula m'mimba, apite kuchimbudzi basi. Otsalawo thirirani nthochi, mapapaya, mitengo, ndipo muzithira patsinde. Pa masamba a mpiru ine sindingavomereze, makamaka zodya zosaphika ngati letesi. Agwiritseni ntchito tsiku lomwelo, akagona amanunkha, akakhalitsa udzudzu uswana. Ngati pali chitsime pafupi, talikirani ndi mamita 30.

Agogo a ku Kasungu: Mwanawe, ine za migolo sindizidziwa. Ndinakumba dzenje lofika m'chiuno kumene kumathera ngalande ya kubafa, ndinadzazamo mapesi ndi masamba ouma, m'mbali n'kubzala nthochi kuzungulira. Dothi limamwa lokha, fungo kulibe. Koma sopo waufa uchepetse, mchere wake umaumitsa nthaka. Wamtanda ndiye bwino. Madzi a Jik asafikeko.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse. Dothi ndi katondo ndithu, ndipo madzi a mbale ndinkangokhuthuliramo osasefa, manyazi andigwira. Madzi ochapira matewera a mwana ndinkathiranso momwemo, Mulungu wangondiona. Agogo, malo anga ndi ochepa ndipo nyumba ndi ya njerwa zosawotcha. Dzenjelo litalikire bwanji ndi khoma kuti chinyezi chisadye maziko?