Tingawaphunzitse bwanji anthu kusamala mjigo ndi mtsinje kuno ku Ngabu?

Moni nonse abale ndi alongo a m'gulu lino. Ndine mlembi wa komiti ya mjigo m'mudzi wina kufupi ndi Ngabu, m'boma la Chikwawa, ndipo ndabwera kudzapempha nzeru chifukwa ife zatikanika.

Tili ndi mijigo iwiri yopopa ndi manja ya mtundu wa Afridev, koma umodzi umatulutsa madzi amchere, monga zimachitikira m'madera ambiri kuno kuchigwa cha Shire, choncho mudzi wonse umadalira wotsalawo. Chisefukireni madzi a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, simenti yozungulira mjigowu inang'aluka, madzi akuda amadikha pompo, ndipo ng'ombe ndi mbuzi zimamwera pafupi kwambiri. Mzere ukatalika mu Okutobala, amayi ambiri amakafukula mchenga mumtsinje momwe ena alima mpaka m'mphepete penipeni, ndipo ine mtima umandiwawa ndikakumbukira mmene kolera inativutitsira.

Tinapempha anyakwawa kuti aitanitse msonkhano kawiri, koma kunabwera anthu ochepa, ambiri a iwo okalamba. Alangizi a zaumoyo anaphunzitsa za kuthira klorini, koma anthu amadandaula fungo. Mpanda wa minga umene tinamanga unathera kumoto ngati nkhuni. Zikwangwani nazo sizinathandize, pakuti tinazilemba m'Chichewa chokha pomwe mabanja ambiri amalankhula Chisena, ndipo ena sadziwa kuwerenga.

Kodi inu a ku Nchalo, Bangula kapena Nsanje, ndi njira iti imene inakuthandizani kuti anthu amve ndi kusintha: masewero, makalabu a kusukulu, kapena malamulo a m'mudzi okhala ndi chindapusa? Nanga mbande za nsungwi ndi udzu wa vetiva zodzala m'mbali mwa mtsinje tingazipeze kuti pafupi mvula isanayambe?