Ndingatole bwanji phunziro m'chilengedwe popanda kuchinamizira?

Wofunsa: Abale a pagulu pano, thandizeni. Ndikufuna kuti pa nthawi yanga yosinkhasinkha m'mawa ndiziphunzira ku zinthu zondizungulira, monga mbewu, nyerere ndi mbalame, kenako ndizigawanako ndi achinyamata. Vuto n'lakuti ndikayang'ana mtengo ndimangoona mtengo basi. Ndiyambire pati? Komanso nkhani ija ya chiwombankhanga chimene chimathyola mlomo wake ndi kuzula nthenga zake chikafika zaka 40 kuti chikhalenso ndi moyo mpaka 70, ndi yoona?

Yankho 1: Ya chiwombankhangayo isiyeni, si yoona. Mlomo wa mbalame umakula moyo wake wonse ngati zikhadabo zathu, nkumaperepeseka pamene ikudya. Nthenga nazo zimathothoka pang'onopang'ono, zina zikumera, kuti mbalameyo isaleke kuuluka. Chitati chithyole mlomo ndi kuzula nthenga zonse, chingafe ndi njala. Ziwombankhanga zambiri za kutchire sizipyola n'komwe zaka 30. Mwana mmodzi akakafufuza pa intaneti n'kupeza kuti munawanamiza, ndi zoona zomwe munanena adzazikayikira.

Yankho 2: Mukufulumira kufuna phunziro musanaone chinthucho. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Sankhani malo amodzi, muzikhalapo mphindi 15 pa ola lomwelomwelo kwa masiku 14, foni ili kutali. Tsamba la kope ligaweni patatu: zomwe mwaona, zomwe simukuzimvetsa, ndi zomwe zakukhudzani. Gawo lachitatulo musalembemo kanthu sabata yonse yoyamba. M'gawo loyamba musalembe kuti "nyerere ndi zakhama", amenewo ndi maganizo anu. Lembani kuti zingati zadutsa pa mphindi imodzi, zanyamula chiyani, zalowera kuti.

Yankho 3: Ngati mukufuna chooneka msanga, meretsani nyemba m'botolo la galasi. Viikani njere zinayi usiku umodzi, maola 8 mpaka 12. Pindani pepala lofewa kapena thonje m'botolomo, njerezo muzipanikize pakati pa pepala ndi galasi kuti muziziona, ina choimirira, ina chogona, ina chozondoka. Pepala likhale lonyowa, koma madzi asadikhe pansi. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: njere imapuma, ndiye ikamira imawola n'kuyamba kununkha.

Pakatha masiku awiri kapena anayi pamatuluka muzu, osati tsamba, ndipo umaloza pansi ngakhale njere munaizondotsa. Goneketsani botolo cham'mbali, mawa lake nsonga ya muzu mudzaipeza yakhotanso kuloza pansi. Masamba amabwera patatha pafupifupi sabata. Yang'anitsitsani mbali ziwiri za njere zija: zimafota n'kugwa, chifukwa chakudya chomwe zinasunga chapita ku mmera. Botolo lachiwiri liikeni mumdima. Mmera wake udzatalika kuposa winayo, koma wotuwa, wowonda, wosatha kuima wokha. Afunseni achinyamatawo kuti wakula bwino ndi uti, inu mukhale chete.

Yankho 4: Pa nyerere, pezani mzere wake pakhoma kapena pasimenti, mupukute ndi chala chonyowa modukiza mzerewo. Zikafika pamenepo zimabalalika kwakanthawi, chifukwa zimatsata fungo limene zinzake zasiya. Yoyamba kuwoloka imasiya fungo latsopano, njira n'kulumikizanso. Zogwira ntchito zonsezo ndi zazikazi, ndipo mfumukazi siilamula aliyense, ntchito yake n'kuikira mazira. Mukawerenga Miyambo 6:6-8 mutaona zimenezi, mawu onena kuti nyerere ilibe kapitao amamveka mwa njira ina.

Yankho 5: Koma akuluakulu, ya chiwombankhanga ija si fanizo chabe? Nthano za kalulu timaziphunzitsa bwanji, chikhalirecho kalulu salankhula?

Yankho 1: Nthano aliyense amadziwa kuti ndi nthano, achimwene. Iyi imakambidwa ngati sayansi, ndi zaka zake zomwe. Kusiyana kwake n'kumeneko. Ndiwonjezere chenjezo: si zonse za m'chilengedwe zili zoti titengere. Nsadzu, mbalame yolondolera anthu ku uchi ija, imaikira dzira m'chisa cha mbalame ina, ndipo mwana wake akaswa amapha ana a mwini chisa ndi kangowe ka pamlomo pake. Zoterezi zizilowanso m'kope, m'gawo lachiwiri lija.

Wofunsa: Zikomo nonse, chiwombankhanga ndachichotsa. Nanga kudulira mitengo kwa pa Yohane 15 ndingakuonetse bwanji?

Yankho 3: Mpeni ukhale wakuthwa ndi woyera. Yambani ndi nthambi zouma ndi zokhulana, kenako dulani yamoyo imodzi mopendeka, theka la sentimita pamwamba pa mphukira yoloza kunja. Mukasiya chitsa chachitali chimauma n'kulowetsa matenda. Mukadula pafupi kwambiri mphukirayo imafa. Musachotse zoposa gawo limodzi mwa magawo anayi a masamba pa nthawi imodzi. Mangani kachingwe pa nthambi yodulidwayo, kena pa yosadulidwa, mukaziyerekeze pakatha masabata anayi.