Cardamom wanga uja watsitsimuka

Zikomo nonse amene munandiyankha pa funso langa la cardamom (chomera chimene njere zake ndi zokometsera zakudya) amene masamba ake ankapserera m'nsonga. Ndinatsatira malangizo a inu amene munati vuto ndi dzuwa. Ndinamusamutsira pamthunzi wa mitengo n'kuphimbira pansi ndi masamba ouma kuti chinyontho chisamathe msanga. Zothira feteleza ndinazisiya kaye. Pano watulutsa mphukira zambiri zobiriwira.

Kwa amene mukuyamba kumene: maluwa ake amatulukira patsinde, pafupi ndi nthaka, ndiye pophimbira musawakwirire chifukwa njuchi siziwapeza. Pamafunikanso kudekha, amayamba kubereka pakatha zaka 2 kapena 3. Pobzala wina, gawani tsinde lokhala ndi mphukira, njere zogula zophikira sizimera kawirikawiri. Zoti kutafuna njerezo kumachotsa fungo m'kamwa, ndayesa ndithu, n'zoona.