Akulu ndi ang'ono anakulira nyumba imodzi, koma Chagas wawononga mtima wa mmodzi yekha. Zimatheka bwanji?

Nabanda_ku_London:

Moni nonse. Funso langa likupita kwa inu amene munaphunzira zachipatala kapena za mu labu.

Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku London, ndipo mnzanga wa shifiti ya usiku kwawo ndi ku Bolivia, chigawo cha Cochabamba. Tagwira limodzi zaka zinayi, moti iye anazolowera nsima yanga, ine ndinazolowera supu wake wa mtedza. Chaka chatha ndinayamba kuona kuti tikamakwera masitepe amaima pakatikati, dzanja lili pachifuwa, n'kumati mtima wadumpha. Usiku wina anangogwa khu! m'khitchini, kapu ya tiyi ili m'manja. Kuchipatala anamupeza ndi matenda a Chagas, ndipo anamuika kachipangizo kothandiza mtima kugunda, pansi pa khungu chakufupi ndi phewa. Zaka zake ndi 47 zokha.

Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti mkulu wake, amene amakhala ku Madrid, nayenso anayezetsa n'kupezeka nako kachilombo koyambitsa Chagas. Anakulira m'nyumba imodzi ya dothi, ankafunda bulangete limodzi, ndipo ankalumidwa ndi tizilombo tomwetomweto timene kwawoko amati vinchuca. Koma mkuluyo ali gwa, ECG yake, chiyeso cha kagundidwe ka mtima, ilibe vuto. Mnzangayu amandifunsa kuti, "Ine ndinalakwa chiyani?" ndipo ndimangoti kukamwa yasa. Adokotala anangomuuza mwachidule kuti ndi nkhani ya mmene majini (genes), malangizo a chibadwa a m'maselo, amagwirira ntchito. Nanga anthu a bere limodzi majini awo si amodzimodzi?

Phiri_wa_mu_Labu:

Pepani nazo achemwali. Choyamba mukamuuze mnzanuyo kuti palibe chimene analakwa. Zimene mwaonazi ndi khalidwe lenileni la matendawa. Bungwe la WHO limati anthu oposa 7 miliyoni ali ndi kachilomboka, dzina lake Trypanosoma cruzi, koma pa anthu khumi alionse ndi atatu okha amene amadzadwala mtima, ndipo zimachitika patapita zaka 10, 20 kapena 30. Dokotala wa ku Brazil, Carlos Chagas, anawatulukira matendawa mu 1909 m'katauni ka Lassance, koma funso lanuli anthu a kafukufuku akulimbana nalobe.

Anthu a bere limodzi majini awo safanana onse, aliyense amatengako mbali yake kwa mayi ndi kwa bambo. Koma palinso nkhani ina yoposa imeneyo. Taganizani za sikimu ya mpunga. Ngalande zinakumbidwa kale, zimafika m'munda uliwonse, koma mpunga umamera kumene geti latsegulidwa. Selo ya mumtima ndi selo ya pakhungu zili ndi DNA yofanana, imene imasunga majini onse, kusiyana kwake n'kwakuti mageti otsegula, kutanthauza majini amene akugwira ntchito, ndi osiyana. Ndiye Chagas akakhazikika, mageti a m'maselo a mtima amasokonekera.

Chodabwitsa n'chakuti ukatenga kachidutswa ka mtima wowonongeka ndi Chagas n'kukayang'ana pa maikulosikopu, tizilomboto sutiona tambiri ayi, pena umachita kusakasaka. Chimene chimadzaza maso ndi maselo a chitetezo cha m'thupi, ali unyinji pakati pa minofu, komanso zipsera. Maselo amenewa amatulutsa puloteni yotchedwa interferon gamma. Ndi yofunika, popanda iyo kachilomboko kangamalize munthu msanga. Koma ikafika pa selo ya mumtima imatsegula majini ambirimbiri, kuphatikizapo CXCL9 ndi CXCL10, amene ntchito yawo ndi kuitana maselo ena a chitetezo. Obwerawo nawonso amatulutsa interferon gamma, n'kuitananso ena. Moto wake suzima. Pamene izi zikuchitika, mbali za selo zimene zimapanga mphamvu, zotchedwa mitochondria, zimafooka, chonsecho mtima ndi mnofu umene supuma usana ndi usiku.

Zambiri mwa izi zinadziwika chifukwa cha gulu la Edecio Cunha-Neto ku InCor, chipatala cha mtima cha ku São Paulo, mogwirizana ndi Christophe Chevillard wa ku Marseille. Iwo amayeza mitima imene yachotsedwa mwa odwala pamene akuwaika ina. Mu 2014 anasonyeza kuti tinthu ting'onoting'ono totchedwa microRNA, makamaka miR-1, miR-133 ndi miR-208, timachepa m'mitima imeneyi. MicroRNA ali ngati munthu woima m'mbali mwa ngalande amene amatseka madzi ngakhale geti litatsegulidwa kale. MiR-1 ndi miR-133 amaletsa mnofu wa mtima kukula mopitirira, ndiye akachepa mtima umafufuma koma mphamvu ulibe. Mu 2017 anayang'ananso chimene timati methylation, timizindikiro timene timamatidwa pa DNA ngati dothi limene mlimi wamata pa geti kuti lisatseguke. Anapeza kuti malo ambiri amatidwa kapena kumatulidwa mosiyana ndi mtima wabwino, ndipo ena mwa majini okhudzidwa ndi a tinjira todutsa potassium, timene timayendetsa kagundidwe ka mtima.

Mbali imene imandikhudza kwambiri ine ndi ya zipsera. Puloteni ina, TGF-beta, imauza maselo kuti aziika ulusi wolimba paliponse pamene mnofu wafa, ndipo imachepetsanso connexin 43, imene imalumikiza selo ndi selo kuti mphamvu yamagetsi idutse. Ofufuza a ku Fiocruz, bungwe la kafukufuku wa zaumoyo la ku Rio de Janeiro, agwira ntchito yaikulu pa nkhani imeneyi. Magetsi akakumana ndi chipsera amazungulira kapena kuima kumene. Kudumpha kumene mnzanu ankamva pa masitepe kuja, gwero lake ndi limeneli, n'chifukwa chake anamuika kachipangizoko.

Mwa mkulu wakeyo, thupi linapeza muyezo: likukapanikiza kachilomboko koma osawotcha nyumba. Kusiyana pang'ono kwa majini a chitetezo kapena a mitochondria, mtundu wa kachilombo kamene kanalowa, ndiponso kuti munthu analumidwa kangati, zonsezi zimathandizira. Palibe magazi amene angayezedwe lero n'kuneneratu kuti uyu adzadwala, uyu ayi, ndiye mkuluyo asasiye kukayezetsa ECG chaka ndi chaka.

Gogo_wa_ku_Linga:

Bambo Phiri, mwafotokoza zomveka. Ine ndinagwira ntchito yachipatala kuno ku Nkhotakota mpaka kupuma, ndipo nditangoona dzina loti Trypanosoma ndakumbukira kaodzera, poti kachilombo kake nakonso kali ndi dzina limeneli. Tinkalandira anthu ochokera m'midzi ya m'mphepete mwa nkhalango, olumidwa ndi kashembe popita kukatola nkhuni kapena kukafuna uchi. Anthu amangodziwa za tulo, koma ine ndinamvapo ndi makutu anga mitima ya odwala ena ikugunda mosalongosoka, miyendo itatupa. Kaodzera wathu, wa mtundu wotchedwa rhodesiense, amatha kutupitsa mtima nayenso, koma m'masabata kapena miyezi, osati zaka makumi. Tsono ndifunse: ndi pachibale tizilomboti? Ndipo ngati gwero lake ndi kachilombo, bwanji osangomupatsa mayiyu mankhwala okapha kuti mtima uchire?

Phiri_wa_mu_Labu:

Zikomo agogo. Ndi pachibale ndithu, koma makhalidwe awo ndi osiyana. Wa kaodzera amasambira m'magazi, kunja kwa maselo, ndipo amazemba chitetezo posintha chovala chake. Ali ndi majini a chovalachi oposa 1,000 koma amatsegula limodzi pa nthawi, thupi likangomuzindikira iye wavala kale china. Wa Chagas amalowa m'kati mwa selo, makamaka ya mnofu, n'kukhala phee zaka zambiri. Kalowedwe kakenso n'kosiyana. Vinchuca, amene amaoneka ngati nsikidzi yaikulu ndipo amabisala m'ming'alu ya khoma ndi m'denga la udzu, amayamwa magazi usiku n'kuchita chimbudzi pomwepo. Munthu akakanda ali mtulo amadzilowetsa yekha kachilomboko pabala kapena m'diso. Kwathu ku Africa kufala kwa mtundu umenewu kulibe.

Mankhwala alipo, benznidazole ndi nifurtimox, ndipo kwa makanda ndi amene angotenga kumene amachiritsa bwino kwambiri. Funso lanulo linayesedwa pa kafukufuku wotchedwa BENEFIT, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2015. Anatenga odwala 2,854 amene mitima yawo inali itayamba kale kuwonongeka. Benznidazole anachepetsa kachilomboko m'magazi, koma patatha zaka zisanu mitima ya omwa mankhwalawa inapitirira kuwonongeka chimodzimodzi ndi ya amene sanamwe. Mmene ndimaonera ine, mageti akasinthidwa ndipo zipsera zikakhazikika, kuchotsa amene anayambitsa sikubwezeretsa zinthu m'malo mwake.

Achemwali a Nabanda, mnzanuyo ali ndi ana? Kachilomboka kamatha kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana ali m'mimba, ngakhale mwanayo abadwire ku Ulaya kumene kulibe vinchuca. Ku Hospital for Tropical Diseases komweko ku London amaona odwala Chagas.

Nabanda_ku_London:

Bambo Phiri, mwandigwedeza mtima ndi funso limeneli. Ali ndi mtsikana wa zaka 19, anabadwira ku Spain, komanso kamnyamata ka zaka 11 kobadwira konkuno. Ndamuimbira foni pompano, akuti adokotala ananenapo zoyezetsa anawo koma iye ankaopa kumva zotsatira, ndiye anangokhala chete. Ndamuwerengera zimene mwalemba za BENEFIT, pang'onopang'ono, ndikumasulira m'Chingelezi chathu cha pa ntchito. Anakhala kaye duu, kenako anafunsa ngati mtsikanayo angadzapatsirenso mwana wake akadzatenga pakati. Tagwirizana kuti Lachiwiri tikaweruka m'mawa sitipita kukagona, ndimuperekeza kwa GP, dokotala wake wa m'dera, kuti akapemphe kalata yoti ana onse awiri akayezedwe magazi.