Kodi kuchepetsa thupi powerenga mapointi kumayenda bwanji?

Nangozo, Lizulu:
Abale ndithandizeni. Njira ya WeightWatchers yowerenga mapointi a chakudya ija imagwira bwanji ntchito? Ingatheke kwa ife odya nsima ndi kachewere?

aMbewe, Dedza Boma:
Mayi Nangozo, mapointi amachokera pa makalori (muyeso wa mphamvu imene chakudya chimapereka m'thupi), angowafupikitsa kuti musavutike ndi masamu. Kampaniyi anaiyambitsa Jean Nidetch ku New York mu 1963. A kampaniyi amaona zaka zanu, kutalika, kulemera, komanso ngati ndinu mkazi kapena mwamuna, n'kukupatsani mapointi a tsiku lililonse, kuonjezerapo ena a pasabata oti akuthandizeni tsiku la ukwati kapena chinkhoswe. Shuga ndi mafuta a nyama zimakweza mapointi a chakudya, pomwe mapuloteni amawatsitsa. Mazira, nyemba, nsomba, zipatso ndi ndiwo zamasamba amaziika pa ziro.

Nachisale, Tsangano:
Zimatheka achemwali, koma nkhani yagona pa mafuta. Galamu imodzi ya mafuta ili ndi makalori 9, ya shuga 4 yokha. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ndi pafupifupi 120. N'chifukwa chake kachewere wowiritsa wa magalamu 100 sapitirira makalori 90, koma yemweyo akalowa pachiwaya n'kukhala tchipisi amafika cha pa 300. Kabichi ndi ziro, inde, koma mafuta amene mwathira pokazinga muwawerenge padera, ndipo muziyeza ndi supuni, osangopendeketsa botolo. Nsinjironso ili ndi mafuta ambiri. Pa nsima yezani ufa musanaphike, osati kuwerenga mitanda, poti zipande n'zosiyana kukula. Ambiri amaiwala zakumwa: masupuni ang'ono atatu a shuga mu tiyi ndi makalori pafupifupi 50, ndiye thobwa lothira shuga ndi Fanta zibwerenso pamwamba.

aJere, Ntcheu:
Ndionjezerepo pamene anthu amapunthwa. Ziro satanthauza kudya osaleka; nthochi zisanu zili ndi makalori ake ndithu. Thupi likamatsika, mapointi a tsiku nawonso amachepetsedwa, ndiye amene akudyabe muyeso wakale amangoima pamodzi. Kwerani sikelo kamodzi pasabata, m'mawa musanadye, sikelo yomweyomweyo. Kutsika theka la kilo mpaka kilo imodzi pasabata n'kokwanira. Dziwaninso kuti pulogalamuyi ndi yolipira mwezi ndi mwezi. Kope, cholembera ndi supuni zimagwira ntchito yaikulu yomweyo. Koma ngati muli ndi pakati, kapena mumamwa mankhwala a shuga, chonde muyambe mwaonana ndi adokotala, chifukwa kuchepetsa nsima mankhwala ali omwewo kungatsitse shuga m'magazi mopitirira muyeso.